Nyumba Zopumuliramo za M'mbali mwa Nyanja

Munthu wochokera ku Lilongwe kapena ku Dedza amene walinga zokapumula kunyanja, akafika pa Masasa nkusiya msewu waukulu wa ku Blantyre, amatsika mapiri ndi msewu wokhotakhota uja umene eni dziko adautcha Khwekhwerere. Ndipo lisanathe nkomwe ola limodzi, iye amene adanyamuka atavala jekete chifukwa cha chisanu cha pa boma la Dedza, limene lili pamwamba pa mamita pafupifupi 1,600, amapezeka ali pa Golomoti, m'chigwa cha milambe ndi migwalangwa, thukuta lili kamukamu. Apa njira zigawikana. Ina iloza kumpoto, kudzera pa Mua, Mtakataka ndi Chipoka mpaka ku Salima ndi Senga Bay. Ina iloza kum'mawa, kudutsa chigwa cha Bwanje kunka ku Monkey Bay, Cape Maclear ndi gombe la Mangochi. Kumathero a njira zonse ziwirizi ndiko kuli nyumba zija anthu amazitcha makoteji, zimene eni chuma, makampani ndi mipingo adamanga pagombe kuti azikapumulirako, ndipo zina mwa izo amabwereketsa kwa alendo pa mtengo wake.

Kunena zoona, gombe la boma la Dedza lenilenilo lilibe nyumba zotere zambiri, pakuti pamene mitsinje ya Bwanje ndi Livulezi itsirira m'nyanja pali madambo, bango ndi matope, malo okoma kwa mlimi wa mpunga ndi msodzi wa mlamba koma osakopa munthu wofuna mchenga woyera. Komabe iye amene angayang'anitsitse nyumba zokongola za ku Senga Bay kapena ku Cape Maclear adzaona kuti zimene zimazikometsa, ndiwo udzu wa padenga, mikeka ya pansi, zitseko zozokota ndi ziboliboli za pakhoma, nzochokera m'manja a anthu a m'chigwa ngati chino, ndipo nzeru ya kamangidwe kake njomwe anthu a m'mbali mwa nyanja adali nayo kale, mlendo woyamba asanaponde pagombe.

Chizolowezi chokhala kunyanja chifukwa cha kusangalala chabe sichakale kwenikweni. Azungu oyamba kumanga pa Cape Maclear adali amishoni a ku Scotland, amene adafika mu 1875 motsogozedwa ndi E. D. Young pamodzi ndi Dr Robert Laws. Iwo adakopeka ndi doko labwino ndi kukongola kwa malowo, koma malungo adawatha mphamvu, kotero kuti pofika 1881 adasamukira ku Bandawe, nasiya manda a anzawo patsinde pa phiri, amene alendo amakawaona kufikira lero. Njanji itafika ku Chipoka ndi ku Salima mu 1935, kudzera pa Golomoti pomwepa, nyanja idayandikira kwa anthu a ku Blantyre ndi ku Zomba. Ndipo mu 1949 ndi 1950 ndege zotera pamadzi za kampani ya BOAC, pa ulendo wa pakati pa England ndi South Africa, zinkaima pa Cape Maclear, apaulendo nkugona m'hotela imene idamangidwa pamenepo. Pambuyo pake makampani ndi mabanja opeza bwino adayamba kutenga malo pagombe la pakati pa Mangochi ndi Monkey Bay, ndipo ngakhale boma lidamanga nyumba yake ya chifumu ku Chikoko Bay.

Mmisiri wanzeru asanakumbe maziko amayamba wafunsa za mphepo ndi dzuwa. Nyanja yathu ili ndi mphepo zake zodziwika ndi maina: mwera, wochokera kumwera, umene umawomba mwamphamvu m'miyezi yozizira, makamaka kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, nuutsa mafunde amene asodzi amawaopa, mpoto, umene umadza ndi nyengo ya mvula, ndi vuma, wochokera kum'mawa. Nyumba yomangidwa bwino imalandira kamphepo ka kunyanja kudzera m'zitseko ndi mazenera oyang'anana, kuti kalowe mbali ina nkutulukira mbali inzake, koma imabisala pang'ono kwa mwera ndi khoma, thanthwe kapena mitengo. Za dzuwa nazo zisiyana malinga ndi gombe. Ku Chipoka ndi ku Senga Bay nyanja ili kum'mawa, chotero dzuwa limatuluka m'madzi, ndipo khonde loyang'ana kunyanja limakhala pamthunzi masana onse dzuwa likapendeka; pamene pa mudzi wa Chembe ku Cape Maclear gombe lidayang'ana chakumadzulo, kumene dzuwa limalowera cha ku chilumba cha Thumbi, ndipo ngakhale alendo amakonda zimenezi koposa, mwini nyumba ayenera kutalikitsa denga la khonde, apo ayi dzuwa lamadzulo m'mwezi wa Okutobala lidzathamangitsa anthu pamipando yawo.

Khonde ndilo mtima wa nyumba ya kunyanja, ndipo pamenepa ndiyenera kuchedwapo. M'tauni khonde ndi kamalo kongodutsapo polowa m'nyumba. Kunyanja ndipo pamene anthu amadyera, kuchezera, kusewera bawo, kulandirira alendo ngakhale kugona masana, kotero kuti zipinda za m'kati zimangokhala zosungiramo katundu ndi zogonamo usiku. Chifukwa chake khonde loyenera likhale lotambalala mokwanira tebulo lalikulu ndi mipando yake, munthu nkuthabe kudutsa kumbuyo kwa wokhala pansi popanda kumpempha kuti asunthe; likhale lokwezeka masitepe angapo kuchoka pamchenga; ndipo nsanamira zake zikhale za mtengo wolimba umene chiswe sichiukonda, monga tsanya kapena muwanga, kapena za njerwa ndi miyala. Ntchito yake yaikulu, imene ambiri saiganizira, ndiyo kuteteza makoma kuti dzuwa lisawapse. Pakuti khoma limene lakhala padzuwa tsiku lathunthu limasunga kutenthako nkumakutulutsira m'chipinda usiku, nthawi imene mlendo afuna tulo. Agogo athu amene ankazunguliza khonde nyumba yonse, denga nkulitsitsa mpaka munthu kuwerama polowa, adadziwa zimenezi popanda kupita kusukulu ya zomangamanga.

Denga labwino koposa m'dziko lotentha chotere ndi la udzu. Sindinena udzu wongoyala monga pa chisakasa cha m'munda, koma udzu wosankhidwa, womwetedwa utakhwima m'miyezi ya chisanu, wopesedwa kuti masamba achoke, womangidwa m'timitolo, nusokedwa pa mbariro mzere ndi mzere kuyambira pansi kukwera pamwamba, wofolerayo akuumenya ndi thabwa lake kuti ukhale wosalala ndi wochindikala bwino. Tsindwi lotere liyenera kukhala lotsetsereka kwambiri kuti madzi a mvula asachedwepo, ndipo m'kati mwake simuikidwa siling'i ayi: mapaso ndi mitanda zimaonekera, mpweya wotentha nukwera pamwamba, anthu pansi nakhala pozizira. Mutu umodzi susenza denga, ndipo ntchito imeneyi imadyetsa anthu ambiri, kuyambira amayi omweta ndi kupesa udzu, a ngolo ndi a njinga outenga, mpaka amisiri ofolera, amene luso lawo limapatsiranidwa pabanja. Zovuta zake zilipo, sitingazibise. Udzu umaopa moto, chotero khitchini ndi malo ootchera kanyenya aziikidwa patali. Umafuna kukonzedwa pakapita zaka, makamaka pamsonga. Ndipo mileme ndi makoswe zimaukonda ngati mwini nyumba ali wosasamala.

Tsono masiku ano kwabuka mtundu wina wa nyumba, wotengera zithunzi za pa intaneti za maiko akutali: makoma a magalasi kuyambira pansi mpaka pamwamba, denga la malata lobisika kuseri kwa kampanda, khonde laling'ono kapena lopanda denga nkomwe. Pachithunzi nyumba zotere nzochititsa kaso ndithu. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere: dzuwa la m'chigwa, kumene kutentha kumapyola madigiri 35 mvula isanagwe, likalowa pagalasi silituluka, ndipo mwini nyumba amakhala kapolo wa makina oziziritsa mpweya, amene magetsi akathima amangoti zii, alendo nkunyamula matiresi kukagona panja. Nzoona kuti pa Golomoti pomwepa padamangidwa malo opangira magetsi a dzuwa a mamegawati 20, okhala ndi mabatire ake, amene adayamba kugwira ntchito mu 2022, ndipo eni makoteji ambiri adaika sola padenga kapena pabwalo; koma nyumba imene imazizira yokha iposa imene imachita kugula kuzizira mwezi ndi mwezi.

Pansi pa nyumba pasakhale kapeti, pakuti mchenga umalowa ndi mapazi a munthu aliyense. Simenti yosalala yopakidwa polishi wofiira, miyala yosema kapena matailosi ndizo zoyenera, chifukwa zimazizira kuphazi ndipo tsache limodzi lizikwanira. Makoma apakidwe laimu kapena penti yoyera, kaya ya mtundu wa dothi. Pa zitsulo tili ndi mwayi umene anzathu a ku Beira kapena ku Mombasa alibe: madzi a nyanja yathu alibe mchere, kotero mahinjesi, maloko ndi misomali sizidyeka msanga ndi dzimbiri. Mdani wa kuno ndi udzudzu, womwe uja udagonjetsa amishoni. Zenera lililonse likhale ndi sefa wa waya, ndipo bedi lililonse likhale ndi neti. Amisiri ena amapanga mabedi a nsanamira zinayi, neti nkumagwa mbali zonse ngati kachipinda koyera, ndipo chinthu chimene chidaikidwa chifukwa cha kuopa malungo chimasanduka chokongoletsa chipinda kuposa zonse. Palinso nkhungu, tizilombo tija timatuluka m'nyanja mwaunyinji nkumaoneka patali ngati utsi. Mphepo ikatikankhira kumtunda timathamangira nyali, chotero wodziwa nyanja saika babu lowala kwambiri pamwamba pa tebulo lodyera, koma amaliika chapatali, pakhonde nkusiyapo kuwala kochepa.

Za mipando ndi zoyala, chigwa chino ndi madera oyandikana nacho nzolemera. Mkeka wolukidwa ndi mlaza, umene ndi masamba a mgwalangwa waung'ono, ndi mphasa ya bango, zimene kumudzi timaziona ngati zinthu wamba, m'nyumba zimenezi zimayalidwa pabalaza, zimakhomedwa kudenga m'malo mwa siling'i, kapena kupachikidwa pakhonde kuti zitchinge dzuwa. Mipando yoluka ija ya nsungwi, yopepuka ndi yolola mphepo kudutsa kumsana, imene amisiri amagulitsa m'mbali mwa misewu, idatchuka kufikira ku Johannesburg, Cape Town ndi ku Ulaya, kumene amaigulitsa m'masitolo apamwamba ndi dzina la dziko lathu. Nchomvetsa chisoni kuona Mmalawi akuinyoza, nakagula sofa wa chikopa cha pulasitiki amene amamata pathupi munthu akatuluka thukuta. Pali mpando wa mfumu, wa matabwa awiri olowetsana, wozokotedwa njovu, nsomba kapena mudzi wathunthu kotsamira kwake. Pali madengu, malichero ndi nsengwa zimene ena amapachika pakhoma kapena kuvindikira nazo mababu. Mitsuko ndi nkhali zoumba amayi. Makapu, mbale ndi matailosi ojambulidwa a ku Dedza Pottery, imene idayamba mu 1987 pamwamba pa mapiri omwewa. Ndi zitenje zosokedwa kukhala makatani ndi zovundikira mapilo. Ena amagula bwato lakale lobooka kwa asodzi nalisandutsa benchi kapena shelefu, nkhafi ndi mono nkuzikoleka pakhoma. Zoterezi zimakoma zikakhala zochepa. Zikachuluka, nyumba imaoneka ngati sitolo ya ziboliboli, mlendo nkusowa poika chipewa.

Koma ulemu waukulu pa nkhani ya zozokota upite ku Mua. Mishoni imeneyi, imene ansembe a chipani cha White Fathers adaikhazikitsa mu 1902 patsinde pa mapiri, ndiyo kwawo kwa Kungoni, malo a luso ndi chikhalidwe amene Bambo Claude Boucher Chisale, wansembe wochokera ku Canada, adayambitsa mu 1976. Kumeneko kudaphunzira amisiri ambiri osema, amene ntchito zawo zili m'matchalitchi, m'mahotela ndi m'nyumba za anthu m'Malawi muno ndi kunja komwe. Ndipo amene afuna kuona mmene luso la makolo lingakhalire m'nyumba yogona alendo popanda kuoneka ngati lochita kumatika, akaone tinyumba ta Namalikhate pamishoni pomwepo, pamene zitseko, mafelemu ndi makoma zimanena nkhani za Achewa. Chitseko chozokotedwa ndi mmisiri wa ku Mua, choonetsa asodzi akukoka khoka, amayi akusinja kapena nkhwazi itagwira chambo, chimapatsa nyumba nkhope yakeyake, yoti mlendo sangaipeze ku Mauritius kapena ku Zanzibar.

Pano ndiikepo mawu a chenjezo, ngakhale ena adzati ndalowerera za eni. Kwafala chizolowezi chopachika nkhope za Gule Wamkulu pamwamba pa bala kapena m'bafa, ngati kuti ndi maluwa chabe. Gule ameneyu, amene bungwe la UNESCO lidamlemekeza mu 2005 monga chuma cha anthu a dziko lonse lapansi, kwa Achewa ndi nkhani ya mizimu, ya maliro ndi ya chinamwali. Ndipo m'nyumba yosungiramo za chikhalidwe ya Chamare ku Mua, mmene muli nkhope zoposa 400, iliyonse idaikidwa ndi dzina lake ndi mwambo umene imaphunzitsa. Mwini koteji amene afuna chosema chotengera gule agule kwa amisiri amene amasemera malonda, achiike pamalo aulemu, ndipo adziwe choyankha mlendo akamfunsa tanthauzo lake. Akumbukirenso kuti mlonda ndi wophika wa panyumbapo kawirikawiri ndi ana a mwambo umenewo, ndipo amaona zonse ngakhale sanena kanthu.

Mitengo nayo ili ndi mlandu wake. Kale nyumba yapamwamba inkanyadira mapaso ndi matabwa a mkungudza wa ku Mulanje, wonunkhira ndi wosadyeka ndi chiswe. Lero mtengowo watsala pang'ono kutheratu m'phirimo, ndipo wougula akuthandiza kuumaliza. Mlombwa, mbawa ndi phingo nazo zikusowa chaka ndi chaka, monga angachitire umboni anyamata a pamsewu wa Khwekhwerere, amene amasema tinjinga, timagalimoto ndi tindege ta mtengo mwaluso lodabwitsa, mateyala ake nkumazungulira ndithu. Wokongoletsa nyumba wanzeru amagula chosema chimodzi chabwino pa mtengo woyenera thukuta la mmisiri, m'malo mogula makumi awiri mopondereza. Ndipo pa mapaso ndi mipando wamba, bulugamu wothiridwa mankhwala, paini ndi nsungwi zikwanira.

Kunja kwa nyumba, chokongoletsa chachikulu ndi mitengo imene idalipo kale. Mlambe, mkuyu, bwemba kapena mvumo woima pabwalo sungagulidwe ndi ndalama, ndipo amene amaudula kuti aone bwino nyanja amataya mthunzi pamodzi ndi mbalame zake, ngakhale nkhwazi imene kulira kwake alendo amadzera kutali. Kapinga wobiriwira amakoma m'maso, koma m'madera ena amaitana mvuu usiku. Ambiri amadabwa kuona dziwe losambiramo lomangidwa mikono yochepa chabe kuchoka panyanja ya makilomita oposa 500 m'litali. Chifukwa chake nchakuti pagombe la bango ndi madzi odekha pamakhala nkhono zofalitsa likodzo, ndipo pafupi ndi mathiriro a mitsinje ng'ona sizisowa. Pamalo a miyala ndi madzi oyera ngati ku Cape Maclear, kumene nyanja idatetezedwa monga paki kuyambira 1980, ndipo UNESCO idaivomereza mu 1984 chifukwa cha nsomba zake za mbuna, mlendo amakonda nyanja yeniyeniyo. Komabe ngakhale kumeneko nkwanzeru kukaonana ndi achipatala za likodzo pobwerera kumudzi. Pakhale mpopi wotsukira mapazi pafupi ndi masitepe, ndi kansanja ka udzu pamchenga. Ndipo tebulo la pakhonde likalandira chambo chootcha ndi mpunga wa ku Bwanje, palibe chokongoletsa china chimene mlendo adzachikumbukire kuposa chimenecho.

Mpanda ndi nkhani yowawa. Pagombe pamene lero pali koteji, dzulo padali doko la mudzi, pamene amuna ankakocheza mabwato ndi kuyanika usipa, amayi nkumachapa ndi kutunga madzi. Ndipo m'madera ena a Mangochi ndi Salima mipanda ya njerwa idalumikizana motalika kotero kuti anthu obadwira pomwepo amayenda mtunda kuti apeze podutsira kupita kumadzi. Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, koma mudzi umakhalapo chaka chonse, ndipo ndiwo umazimitsa moto udzu ukayaka mwini ali ku Lilongwe. Nyumba zimene zidasiya njira pambali, ndi kuchinga ndi mpanda wa bango kapena wa mitengo yamoyo m'malo mwa khoma lalitali la waya waminga, zimaoneka bwino, ndiponso zimakhala pamtendere ndi eni dziko.

Chotsalira ndi nyanja mwini wake, amene sasainirana pangano ndi munthu. Nyanja ino ilibe kudzaza ndi kuphwa kwa tsiku ndi tsiku monga nyanja zamchere, koma imakwera ndi kutsika pa nyengo ndi pa zaka. Pakati pa 1915 ndi 1935 idatsika kotero kuti idaleka kutsirira mu Shire; mu 1980 idakwera kufika pa mamita 477 kuchokera pa mlingo wa nyanja zamchere; ndipo m'zaka zimene idabwerera m'mbuyo, anthu ambiri, ofanana ndi munthu wa m'fanizo uja amene adamanga pamchenga, adasendeza nyumba, mabala ndi maiwe awo kufupi ndi madzi. Madzi saiwala khwawa. Mu 2024 nyanja idadzazanso koposa mmene idachitira kwa zaka zambiri, nilowa m'zipinda ndi m'makonde a malo ogona alendo ku Mangochi, Salima ndi Nkhata Bay, mafunde a mwera nkugumula makoma. Eni malo adadandaula kuti zitseko za pa damu la Kamuzu ku Liwonde zitsegulidwe kwambiri, pamene akuluakulu oyang'anira za madzi adakumbutsa anthu kuti malo a m'munsi mwa mzere wa mamita 477 si omangapo nyumba. Chotero amene akufuna malo pagombe, asanakambe za mtengo wake kapena kuitana wojambula pulani, ayambe wapita kwa nyakwawa ndi kwa asodzi achikulire a pamudzipo, nawapemphe kuti amlozere mtengo kapena mwala umene madzi adafikapo mu 1980 ndi mu 2024, ndipo chikhomo choyamba cha maziko achikhome kumtunda kwa pamenepo.